Phunziro Loyamba ndi Kugwa

Loweruka m'mawa m'mwezi wa Januwale, dzuwa la ku Nottingham silifulumira kutuluka. Ikamakwana 8 koloko magetsi a m'misewu amakhala akadayaka, ndipo mpweya wotuluka m'kamwa umachita kuoneka ngati utsi. Ine nthawi imeneyo ndimakhala nditangoweruka kumene kuntchito yausiku, kunyumba yosamalirako okalamba, maso akulemera ndi tulo. Koma mwana wanga wamkazi, wazaka zisanu ndi ziwiri, ndimamupeza atavala kale magolovesi, chikwama chili kumsana, akupondaponda pakhomo. Timakwera tram, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mzindawu, n'kukatsika pa Lace Market. Kuchoka apo ndi kamtunda kochepa wapansi kukafika pabwalo lotchedwa Bolero Square, pomwe pali chinyumba cha National Ice Centre.

Ukangolowa, choyamba kukulonjera ndi fungo: la mphira woyalidwa pansi, la masokosi onyowa, la khofi wa makolo. Kenako kuzizira, kosiyana ndi kwa panja, kochokera pansi n'kumakwera m'miyendo. Ana amakhala ali piringupiringu, ena akudzandira ngati thole longobadwa kumene, chifukwa kumapazi avala nsapato zolimba zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi. Makolofe tagwada, tikukoka zingwe za nsapatozo. Kuseri kwa kampanda kofika m'chiuno kuli bwalo loyera mbee, lamamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, la madzi oundana okhaokha.

Tsiku limene ndidawauza amayi anga ku Mulanje pafoni kuti mdzukulu wawo wayamba maphunziro amenewa, adayamba akhala chete.

"Wati akuyenda pa chiyani, mwanawe?"

"Pa ayezi, amayi. Monga wa m'firiji uja, koma bwalo lonse."

"Ndiye wamuveka mipeni kumapazi? Nanga akagwa?"

"Amagwa ndithu, amayi. Amachita kuwaphunzitsa kagwedwe kake."

"Kuphunzitsa mwana kugwa!"

Sindidawadabwe. Kwathu chisanu timachidziwa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye udzu wa pamwamba pa phiri la Mulanje umatha kuyera mbuu m'mamawa, ndipo matalala akagwa ana amathamangira kukatola n'kumayamwa. Koma madzi olimba mpaka kunyamula khamu la anthu, nyimbo ikulira, zimenezo n'zachilendo. Chapafupi chimene ndimakumbukira ndi kutsetsereka kwathu pa dothi loterera la m'mphepete mwa mtsinje nthawi yadzinja, titakhalira thunthu la nthochi, madzulo n'kukakalipiridwa chifukwa cha zovala zamatope. Chimwemwe chake n'chomwecho. Kungoti kuno chimwemwecho adachimangira nyumba, n'kuchipatsa aphunzitsi, mayeso ndi malamulo.

Zimene ndidawauza amayi zidali zoona. Maphunziro a ana ongoyamba ku Britain amatsata ndondomeko yotchedwa Skate UK, ya bungwe la British Ice Skating, ndipo chinthu choyambirira pa gawo loyamba ndi kukhala pansi pa ayezi n'kudzukanso. Mphunzitsi amasonkhanitsa kagulu kake pakona n'kuwauza kuti apinde mawondo, atsitse thupi, adzigwetsere chammbali. Chibwano chitsikire pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi. Zala azifumbate msanga, poti kumbuyo kukubwera mnzawo ndi mipeni yake. Ndiye kadzukidwe: gwada ngati ukukwawa, ponda phazi limodzi kutsogolo, gwira bondo lomwelo ndi manja onse awiri, kankha, phazi linalo litsatire. Amabwereza kasanu, kakhumi, mpaka anawo ayamba kuseka n'kumadzigwetsa dala.

Tsiku loyambalo ndidaima kuseri kwa kampanda mtima uli m'malere. Mwana wanga adagwa asanauzidwe n'komwe, chagada, miyendo m'mwamba, n'kutembenuka kundiyang'ana ndi maso aja ofunsa ngati alire kapena ayi. Thupi langa lonse lidafuna kulumpha mpandawo. Koma kholo lovala nsapato wamba sililoledwa pa ayezi, ndipo mphunzitsi wake, mtsikana wamng'ono ndithu, sadamunyamule. Adagwada pambali pake n'kumuonetsa: bondo, phazi, manja, kankha. Mwana adadzuka yekha, m'matako muli mbee, n'kupitiriza.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira kuti makolofe, makamaka ife amene tidabwera kudziko la eni titasenza mantha ambiri, timawalanda ana chinthu chachikulu tikamathamangira kuwadzutsa. Timafuna asalakwitse kusukulu, asalakwitse Chingerezi, asaoneke osadziwa pamaso pa anthu. Pabwalo la ayezi kugwa kulibe manyazi. Wazaka zinayi amagwa. Wazaka 16 amene akuphunzira kulumpha n'kuzungulira kawiri m'malere amagwa kuposa onse, kugwa kochita kumveka phi, ndipo palibe amene amacheuka. Sindikudziwa malo ena mumzinda muno pomwe mwana angalephere pagulu kambirimbiri chotere m'theka la ola, n'kutuluka akufunsa kuti Loweruka lina lifika liti.

Mpeni wake ndi wodabwitsa ukauyang'anitsitsa. Si wakuthwa ngati wodulira nyama. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita anayi, ndipo kunsi kwake adasemako kangalande kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, moti mpeni umodzi uli ndi milomo iwiri, wamkati ndi wakunja. Masewera onsewa agona pa milomo iwiriyi. Ukapendekera mkati, mlomo wamkati umaluma ayezi n'kukutenga mokhota; ukapendekera kunja umakhotera kwinako. Kumphuno kwa mpeni kuli timano tonga ta sowo, totchedwa toe pick, tothandiza polumpha. Timano timeneti ndi tomwe timagwetsa ongoyamba chafufumimba akamayesa kuponda monga amapondera pamsewu. Pa ayezi sukankha ndi zala ayi, umakankha ndi mbali ya mpeni, mawondo atapinda. Ukamva mphunzitsi akufuula mawu amodzimodzi m'mawa wonse, dziwa kuti akunena za mawondo.

Ayezi nayenso ali ndi zake. Kunsi kwake kuli simenti, ndipo m'simentimo mwadutsa mapaipi oyendamo madzi osakaniza ndi mankhwala, ozizira kwambiri koma osaundana. Ayezi weniweniyo ndi wopyapyala, masentimita atatu kapena anayi basi. Kale anthu ankaphunzitsidwa kuti kulemera kwa munthu ndiko kumamusungunula kunsi kwa mpeni n'kupangitsa kuterera. Akatswiri a sayansi masiku ano amati chimenecho pachokha n'chosakwanira: pamwamba penipeni pa ayezi pamakhala kale kagawo kopyapyala kwambiri kosagwirana bwino, ndipo kukhulana kwa mpeni ndi ayezi kumawonjezerapo katenthedwe pang'ono. Anthu akasewerapo kwa nthawi bwalo limakhala litakandikakandika, ndiye onse amatuluka kuti chigalimoto chosalaza chilowe. Ambiri amangochitcha Zamboni, dzina la Frank Zamboni wa ku California, amene adapanga makina oyamba otere mu 1949. Chimapala pamwamba, chimawola zopalidwazo, n'kusiya madzi ofunda m'mbuyo mwake amene amaundana m'kanthawi kochepa. Tiana timakanirira pagalasi kuchionerera ngati pamudzi patuluka gule.

Magawo a Skate UK alipo asanu ndi atatu. Akadziwa kudzuka amaphunzira kuguba, kenako kutsetsereka ndi mapazi onse awiri, kenako zimene aphunzitsi amazitcha mandimu: kutsegula mapazi n'kuwatsekanso uku ukupita, moti pa ayezi pamatsala chithunzi chonga ndimu. Pambuyo pake kubwerera chambuyo, kuima, kuyenda ndi phazi limodzi, kupingasa miyendo pokhota. Ena amadutsa magawo atatu m'miyezi yowerengeka, ena amakakamira pa gawo limodzi mpaka nyengo kusintha. Wanga adachedwa pa kuima. Liwiro adali nalo, koma pofuna kuima ankangolunjika kampanda n'kukadzigunditsa. Pakatha milungu ingapo mphunzitsi amabwera ndi pepala, amayang'ana mwana aliyense payekha n'kumachonga. Wokhoza amalandira baji. Wosakhoza amabwereza, ndipo m'chipinda chovaliramo misozi siisowa.

Akamaliza asanu ndi atatuwo pamabwera magawo ena, monga Bronze, Silver ndi Gold, ndipo apa njira zimagawikana. Ena amatsata zolumpha ndi zozungulira, ena zovina awiriawiri, ena zovina pagulu, pomwe timu ya akuluakulu imakhala ya anthu 16 oyenda ngati thupi limodzi. Ena amapatukiratu kupita ku hockey, poti timu ya Nottingham Panthers imasewera m'nyumba yomweyi, ena ku mpikisano wa liwiro.

Apa m'pamene mawu oti kalabu amayamba kumveka kwa kholo. Bwalo ndi la eni nyumba, ogulitsa matikiti. Kalabu ndi ya mamembala. Imabwereka bwalo kwa maola ake, imakonza timipikisano ndi zionetsero, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi makolo osalandira kanthu: woliza nyimbo, wolemba mayina pakhomo, wosokerera mikanda pa madiresi, wophika makeke ogulitsa kuti thumba likule. Aliyense amene adakhalapo mu komiti ya kwaya kapena ya ukwati kwathu sangasochere m'menemo. Ngakhale mikangano yake ndi yomwe ija, ya amene sanabwere kudzathandiza kunyamula mipando.

Mwambowu ndi wakale. Kalabu yoyamba yodziwika idali ya ku Edinburgh, ku Scotland, m'zaka za m'ma 1740, nthawi imene ankachita kudikira kuti nyanja zing'onozing'ono ziundane m'nyengo yozizira. Wofuna kulowa ankayesedwa: ajambule mkombero wathunthu ndi phazi limodzi, wina ndi phazi linalo, kenako alumphe chipewa chimodzi, ziwiri, mpaka zitatu zosanjikiza. Kujambula kumeneko ndiko kudapatsa masewerawa dzina lake m'Chingerezi. Anthu ankapikisana kulemba zithunzi pa ayezi, makamaka chonga nambala 8, oweruza n'kumawerama kuona ngati mzere wachiwiri wagwera ndendende pa woyamba. Mbali imeneyo idachotsedwa m'mipikisano ikuluikulu mu 1990, koma mizu yake ikadalimo m'maphunziro a ana. Bwalo loyamba loundanitsidwa ndi makina lidatsegulidwa ku London mu 1876, ndipo bungwe limene lero ndi British Ice Skating lidayamba mu 1879. Mu 1902 mayi wa ku London, Madge Syers, ataona kuti malamulo sadanene kuti mpikisano wa dziko lonse ndi wa amuna okha, adalembetsa n'kukhala wachiwiri kwa Ulrich Salchow wa ku Sweden. Dzina la Salchow ana a pano amalitchula tsiku ndi tsiku osadziwa kuti adali munthu, chifukwa lidasanduka dzina la kalumphidwe. N'chimodzimodzi Lutz, ndi Axel, dzina la Axel Paulsen wa ku Norway amene adakaonetsa mu 1882. Axel ndiye khomo lopapatiza la ana a kalabu. Umanyamuka ukupenya kutsogolo n'kutera chambuyo, ndiye kuti kuzungulira kamodzi ndi theka, ndipo ambiri amalimbana nako chaka kapena kuposa.

Koma ku Nottingham mbiri imene aliyense amakuuza, kaya ndi woyendetsa takisi kaya ndi gogo amene ndikumusambitsa kuntchito, ndi ya anthu awiri. Mzinda uno udali wa mafakitale, womwe uja unkapanga njinga za Raleigh zimene agogo athu ankazinyadira. Bwalo lake lakale la ayezi lidatsegulidwa mu 1939 pamalo omwewa. M'menemo ndimo mudaphunzira Jayne Torvill, wokulira ku Clifton, amene adayamba ali ndi zaka zisanu ndi zitatu atabwera paulendo wa sukulu, ndi Christopher Dean wa ku Calverton, mudzi wa mgodi wa malasha, amene adalandira nsapato za ayezi pa Khrisimasi ali ndi zaka khumi. Sadali ana a anthu olemera. Atakula, Torvill adali kalaliki pakampani ya inshulansi, Dean adali wapolisi. Mphunzitsi wina, Janet Sawbridge, adawaphatikiza cha m'ma 1975, ndipo ankaphunzira maola amene bwalo lidalibe anthu, ntchito ikuwadikira. Pa Olimpiki ya 1980 ku Lake Placid adakhala achisanu. Zidaonekeratu kuti ntchito ndi ayezi sizingayendere limodzi. Dean adasiya upolisi, ndipo khonsolo ya mzinda wa Nottingham idawapatsa ndalama zoti aziphunzira tsiku lathunthu.

Pa 14 Febuluwale 1984, pa Olimpiki ya ku Sarajevo, adavina Boléro ya Maurice Ravel. Nyimboyo payokha ndi yaitali, ya mphindi pafupifupi 15. Adaidula mpaka kufika pa mphindi zinayi ndi masekondi 28, komabe idapyola malire ndi masekondi 18. Popeza wotchi inkayamba kuwerenga akayamba kuyenda ndi mipeni, iwo adayamba atagwada, akupendekera uku ndi uku, mpaka masekondiwo atatha. Oweruza onse asanu ndi anayi adawapatsa 6.0, malikisi okwana, pa luso la kavinidwe. Anthu oposa 24 miliyoni ku Britain adaonera pa kanema usiku umenewo. Bolero Square idatengera pamenepo dzina, ndipo nyumba yatsopanoyi, yokhala ndi mabwalo awiri, idatsegulidwa ndi Torvill mwiniwake mu 2000.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si ma 6.0 aja. Ndi chakuti kalaliki ndi wapolisi adafika pamenepo chifukwa mumzinda mudali bwalo lomwe mwana wa aliyense ankatha kulowamo, ndi khonsolo yomwe idali nayo ndalama yoika pa ana ake. Mu Novembala 2023 khonsolo yomweyo idalengeza kuti ndalama zake sizikukwanira pa zimene iyenera kulipira. Kusunga madzi ali oundana usana ndi usiku chaka chonse kumadya magetsi ochuluka, ndipo mitengo ya magetsi idakwera koopsa ku Britain cha m'ma 2022. Mabwalo a ayezi m'dziko muno si ambiri, ndipo limodzi likatsekedwa ana a dera lonselo amasiya, chifukwa si kholo lililonse lingayendetse mwana ola lathunthu m'mamawa. Ndikamaona tiana tikuguba pa gawo loyamba ndimadzifunsa ngati mwana wa wosamalira okalamba, kapena wa wonyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu, angayendenso lero njira imene adayenda awiri aja.

Pakuti ndalama ndi nkhani. Maphunziro a pagulu ndi otheka ngakhale kwa ife a malipiro ochepa, ndipo nsapato amabwereketsa. Koma walira mvula walira matope. Mwana akafika chapakati, nsapato zobwereka zimayamba kumubweza m'mbuyo, chifukwa mipeni yake imakhala yobuntha ndipo sizigwira bwino kakolo. Umugulire zake. Phazi nalo likukula, chaka chisanathe zamuthina. Mpeni umafuna kunoledwa nthawi ndi nthawi, ndipo wonola wake akhale wodziwa, apo ayi aononga kangalande kaja. Kumagawo apamwamba nsapato ndi mpeni zimagulidwa padera. Ndiye pali mphunzitsi wapadera, wolipiritsa pa mphindi 15 zilizonse, ndi nthawi imene amaitcha patch, maola a ophunzira okhaokha, kawirikawiri m'mamawa sukulu isanayambe. Onjezanipo ya mayeso, ya diresi, ya ulendo wa ku Sheffield kumpikisano. Ife amene mwezi ukatha timatumizanso ya feteleza ndi ya fizi kumudzi, chilichonse timachiwerengera kawiri.

Chimene chimapulumutsa ambiri ndi kaunjika wa makolo okhaokha. Nsapato zoyamba za mwana wanga zidali zitadutsa kale m'mapazi a ana awiri. Adandigulitsa motchipa mayi wina wochokera ku Poland amene timakhala benchi limodzi, ndipo ndi yemweyo adandiphunzitsa kasamalidwe kake: akangotuluka pa ayezi muveke mipeni zotchingira zapulasitiki kuti ayendere pansi, koma pofika poika m'chikwama muzivule, pukutani mpeni ndi thaulo mpaka uume, n'kuuveka zansalu, mukapanda kutero mupeza dzimbiri. Zingwe mumange zolimba pakakolo, pamwamba mulekeko pang'ono kuti bondo lipinde. Sokosi ikhale imodzi, yopyapyala; ziwiri zimatulutsa matuza. Zonsezi sizidalembedwe pa pepala lililonse limene ndidapatsidwa polembetsa. Zimayenda pabenchi, kuchoka kwa kholo kupita kwa kholo, ndipo tsopano nanenso ndimauzako ongobwera kumene.

Pali funso limene akwathu amandifunsa motsitsa mawu tikakumana kutchalitchi: kodi ana akuda aliko kumeneko? Aliko, koma ochepa, ndipo amanka nacheperachepera magawo akamakwera. Mwana wanga adaziona yekha tsiku limene tinkafunafuna masokosi aatali ovala ndi diresi, amene amayenera kufanana ndi khungu la wovalayo. Onse amene tidawapeza adali a khungu la ena. Sadalire, adangokhala duu m'tram monse. Usiku umenewo ndidamuonetsa pa YouTube Surya Bonaly wa ku France, amene adapambana mpikisano wa ku Ulaya kasanu, ndipo pa Olimpiki ya 1998 ku Nagano adadzitembenuza chambuyo m'malere n'kutera ndi phazi limodzi, ngakhale malamulo a nthawiyo ankaletsa. Ndidamuonetsanso Debi Thomas wa ku America, katswiri wa dziko lonse mu 1986, amene mu 1988 ku Calgary adakhala munthu wakuda woyamba kupeza mendulo pa Olimpiki ya nyengo yozizira.

Amene ndimamukumbukira kwambiri ine ndi Mabel Fairbanks, wa ku America komweko. Luso adali nalo, koma makalabu adamukana chifukwa cha khungu lake, ndipo poti njira ya kumpikisano imadzera mu kalabu, sadapikisaneko. Adakhala mphunzitsi ku Los Angeles, n'kumakankhira ana akuda pa makomo omwe adamutsekera iye, ndipo mu 1997 bungwe la masewerawa ku America lidamulemba m'gulu la olemekezeka ake. N'chifukwa chake kalabu sindiitenga mopepuka. Amene wakhala patebulo lolemba mayina pakhomo, momwe wakulandirira, ngati wakuuza kapena sanakuuze za kaunjika uja, zimenezo ndizo zimasankha ana amene adzabwerenso sabata yamawa. Ine ndidalandiridwa bwino. Ndipo ndimawauza anzanga kuti ana athu sachuluka pa ayezi ngati tonse tikudikira kuti ayambe achuluka.

Komabe kuseri kwa galasi kuli matenda ake. Alipo makolo amene amagogoda galasi mwana akalakwitsa, amene amamudikira pakhomo ndi mndandanda wa zophonya asanavule n'komwe nsapato. Ndawaonapo ana azaka zisanu ndi zinayi akuyang'ana kaye nkhope ya kholo asanadziwe ngati akondwe. Masewerawa amakonda matupi aang'ono ndi opepuka, ndipo mtsikana akayamba kukula, kalumphidwe kamene ankakadziwa kamatha kumuthawa. Apo m'pamene ena amayamba kudzimana chakudya. Dziko lonse lidaona komwe zimenezi zingathere pa Olimpiki ya 2022 ku Beijing, pomwe Kamila Valieva wa ku Russia, mwana wazaka 15, adapezeka pakati pa nkhani ya mankhwala oletsedwa, n'kugwa kangapo pa kuvina kwake komaliza, n'kutuluka akulira pamaso pa makamera. Mu Juni chaka chomwecho bungwe la International Skating Union lidagwirizana zokweza zaka zolowera mipikisano ya akuluakulu kuchoka pa 15 kufika pa 17, pang'onopang'ono. Lidachita bwino, ngakhale lidachedwa.

Kholo lolota mendulo liyambe laona nambala izi. Torvill ndi Dean atapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1984, Britain sidapezenso mendulo pa mpikisano umenewo mpaka 2025, pomwe Lilah Fear ndi Lewis Gibson adakhala achitatu ku Boston. Zaka 41, ndi ana osawerengeka amene adadutsa m'mabwalo a dziko lino m'zaka zimenezo. Gibson mwiniyo, wa ku Prestwick ku Scotland, adayamba mochedwa, atangoonera pulogalamu ya Dancing on Ice pa kanema. Kalabu itati iziyesedwa ndi mamendulo, bwenzi pafupifupi makalabu onse atatsekedwa kalekale. Zimene ine ndaona ikupatsa mwana wanga n'zina: amatha kumva kuti sanakhoze, n'kulira, Loweruka lotsatira n'kuvalanso magolovesi. Amadziwa kupatsa njira mnzake amene nyimbo yake ikulira. Masabata apitawa ndidamuona atagwada pambali pa kamnyamata kena kongoyamba kumene, akukaonetsa bondo, phazi, manja.

Pano akulimbana ndi katembenukidwe kotchedwa three turn. Umapita kutsogolo ndi phazi limodzi pa mlomo wakunja, n'kutembenuka mwadzidzidzi kuyamba kupita chambuyo pa mlomo wamkati wa phazi lomwelo, ndipo ukachita bwino mpeni umasiya pa ayezi chizindikiro chonga nambala 3. Wakhala akukalephera milungu isanu. Loweruka lapitali, nthawi itatsala pang'ono kutha, ndidamumva akufuula kuchokera pakati pa bwalo.

"Amami! Bwerani mudzaone! Yatuluka!"

Ndidathamangira pakampanda. Adabwera kudzanditenga foni m'manja, n'kubwerera nayo mosamala, n'kuwerama kujambula pansi. Pachithunzipo pankaoneka kamzere koyera, kokhota kawiri, kopendekeka pang'ono, koma 3 weniweni.

"Muwatumizire agogo. Muwauze kuti ndalemba ndi phazi."

Wisulo idalira, ana onse adatuluka, zitseko zazikulu za kumapeto kwa bwalo zidatseguka. Tidaima pagalasi awirife, iye akutafuna mandasi amene ndidamusungira m'chikwama, mpaka Zamboni idafika pamalo paja n'kudutsapo.